Bolodi Limene Ndidafufuta Ndekha

Ine masamu ndidaphunzirira pansi, pamchenga wa kuseri kwa khola la mbuzi kwathu kwa Tengani. Sikuti ndinkakonda fumbi ayi. Bambo anga ankati m'kope mumalembedwa zinthu zakupsa, osati zofunika kubwerera nazo pamoto. Ndiye samu iliyonse ndinkayamba ndaisova ndi kamtengo pansi, yankho likatuluka n'kulilemba m'kope, kenako n'kufufuta mchenga uja ndi phazi. Kope limodzi linkandikwanira chaka chathunthu. Chizolowezi chimenechi chidandipatsa mutu wogwira zinthu msanga, poti mbuzi ndi mphepo sizinkadikira kuti munthu amalize, ndipo ndidapita nacho mpaka kusekondale ku Chikwawa.

Ndinkafuna unamwino. Ndinene poyambirira pompano kuti aliyense adziwe chimene ndikudandaula. Sukulu ya unamwino imene mtima wanga unkafuna siinkalandira munthu wopanda kirediti pa masamu a Fomu 4, ndiye kuti kukhoza bwino ndithu, osati kongopulumukira. Mpata wolemba mayesowo ndidali nawo umodzi wokha. Tsiku limene ndinkanyamuka kukayamba Fomu 4, bambo adandiperekeza panjinga mpaka kumsewu, ndipo akukweza chikwama changa m'basi adandiuza mosazungulira kuti, “Kubwereza nkhabe, mwananga. Alongo ako akudikira kumbuyoku.” Sadanene mwaukali. Thonje la chaka chimenecho lidali litadyedwa ndi mbozi, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Aphunzitsi athu a masamu adali ochokera kumpoto, munthu wamtali, wowonda, amene kutentha kwa kuchigwa kuno adakanika kukuzolowera ngakhale adakhalako zaka zambiri. Ankalowa m'kalasi malaya atanyowa kale kumsana, kansalu kopukutira thukuta kali kumanzere, choko chili kumanja. Phunziro likafika pakati zinthu ziwirizi zinkasinthana manja iwo osadziwa, nkhope yonse n'kuyera mbuu. Tinkawaseka, iwonso ankatiseka. Chichewa chawo chidali chokhota, koma poti ifenso anzathu a ku Blantyre ankatinena kuti timalankhula ngati tikuyimba, tinkamvana nawo bwino.

Tsiku loyamba kuchonga kope langa, ndili Fomu 3, adandiimiritsa. Mayankho onse adali olondola koma njira padalibe, ndiye adaganiza kuti ndakopera kwa munthu. Ndidapsa mtima, poti kunama sindidaleredwe nako. Ndidawapempha kuti tituluke panja, ndipo pakhomo pa kalasi pomwepo ndidanjuta, n'kusova samu ija pansi ndi chala, anzanga akusuzumira. Adayang'ana nthawi yaitali, kenako adati, “Yankho ndi mchira chabe. Ine ndikufuna mbuzi yonse. Wochonga mayeso sadzabwera kwa Tengani kudzaona mchenga wako.” Adandifotokozera kuti pamayeso mzere uliwonse wa njira uli ndi malikisi ake, moti munthu akhoza kuphonya yankho koma n'kututa ndithu. Kuyambira pamenepo ankandisungira mapepala akale olembedwa mbali imodzi kuti ndizisovera kuseri kwake. Adandipatsanso ntchito yosamala bolodi: kulifufuta, ndi kulidetsa Lachisanu lililonse ndi makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata. Ankati munthu wozolowera kufufuta ndi phazi aphunzire kufufuta ndi manja.

Kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti tilembe mayeso, lamulo lidafika pasukulu pathu. Tidali titalimva kale pawailesi, koma tinkaganiza kuti kuchigwa kuno atiiwala monga ankatiiwalira pa zinthu zina zonse. Aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Akuti ankaphunzitsa ana a zigawo zina mwaulesi dala kuti akwawo okha ndiwo azikhoza. Mpaka lero ndikakumbukira bodza limeneli mutu umanditentha. Munthu amene ankatiitana Loweruka lililonse popanda womutuma, amene ankadya nkhomaliro ataimirira akuchonga makope athu, ameneyo ndiye waulesi? Koma zaka zimenezo chipani chidali chimodzi, ndipo mawu akatsika kuchokera kumtunda ntchito yathu idali kuvomera basi. Wofunsafunsa ankakumbutsidwa kuti mu Shire muli ng'ona.

Ahedi adalengeza nkhaniyi pa asembule Lolemba m'mawa, mwachidule, pakati pa nkhani ya mipando yothyoka ndi ya anyamata osapisira malaya. Lole idzabwera Lachisanu. Ahedi athuwa adali a konkuno, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sadali wankhanza, ndipo sindidawaonepo akumenya mwana. Adali munthu wamantha wokonda mpando wake, ndipo ndaphunzira m'moyo kuti munthu wotere amawononga zambiri kuposa wankhanza.

Pamasamu tidali titatsala ndi mutu umodzi, wotsiriza. Udali wa samu za ngodya zitatu, zija amati bwato lachoka apa, layenda mtunda wakuti kulowera kwakuti, lakhota, tsono upeze kuti lili patali bwanji ndi pamene lidachokera, pogwiritsa ntchito kabuku ka malogi, kaja ka manambala okhaokha. Chaka chilichonse pamayeso pankabwera funso lalikulu kuchokera pamenepo. Mabuku a masamu a kalasi yonse adali atatu, ndipo onse atatu masamba akumapeto adadyedwa ndi chiswe ife tisanabwere. Mutu umenewo udali m'mutu mwa aphunzitsi athu basi. Atalowa m'kalasi Lolemba lomwelo sadanene chilichonse chokhudza ulendo wawo. Adangoti masiku atsalawo akwana, tiyamba mawa m'mawa, aliyense abwere ndi pensulo yosongola.

Masana a tsiku lomwelo kudabwera atcheya a chipani a dera lathu ndi anyamata awo. Nduna ikubwera Loweruka kudzachititsa msonkhano paboma, ndipo idzayamba yapatukira pasukulu pathu kuti ione mmene ana akuphunzirira. Pachifukwa chimenechi, kuphunzira kuyime kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu. Tamvani bwino pamenepa: kuphunzira kuyime kuti nduna idzaone mmene tikuphunzirira. Anyamata atchetche udzu m'mbali mwa msewu, apake laimu miyala ndi matsinde a mitengo. Atsikana tonse tikaphunzire magule kubwalo la paboma.

Ndidali pakhonde ndikukuntha dasitala pamene aphunzitsi a masamu adapita kukapempha. Adalankhula mwaulemu, manja kumbuyo. Adati Fomu 4 yokha aisiye maola awiri m'mawa uliwonse, kenako ipite kukagwira ntchito ndi anzawo. Atcheya sadawayankhe iwo. Adatembenukira kwa ahedi n'kufunsa ngati ameneyu sali m'gulu la opita aja. Ahedi atavomera, atcheya adati, “Ndiye munthu wa paulendo azitiuza zochita pakhomo pathu?” Ahedi adaseka, kuseka kuja kongothandiza wamkulu kuti nthabwala yake isagwe pansi. Kuseka kumeneko ndimakumvabe. Mawu amodzi okha ochokera kwa iwo, akuti ana awa ali ndi mayeso, mwina akadasintha zinthu, koma adasankha kuseka.

Tidavina masiku anayi. Tinkanyamuka titangomwa phala, n'kubwerako dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu, kukhosi kutauma. Amayi a chipani amene ankatiphunzitsa adali ndi kandodo kowongolera aliyense wophonya phazi, ndipo ine kadandipeza kangapo chifukwa maganizo anga sadali pamenepo. Ndimakonda kuvina, ndipo paukwati mpaka lero sindikhala pansi. Koma kuvina kokukakamiza, uku ukudziwa kuti tsogolo lako likutha ola ndi ola, si kuvina ayi. Nyimbo zake zidali zothokoza. Tinkathokoza chifukwa cha misewu, chifukwa cha zipatala, ndiponso chifukwa cha maphunziro.

Lachinayi madzulo ndili pamjigo ndikutsuka miyendo, aphunzitsi a masamu adabwera kudzasamba m'manja. Manja onse mpaka m'zigongono adali oyera ndi choko. Adandiuza motsitsa mawu kuti masiku atatu onsewo akhala akulowa m'kalasi nthawi ya masamu monga mwa masiku onse, ngakhale mudalibe munthu. “Ndakusiyirani pabolodi,” adatero. “Samu zisanu ndi ziwiri, kuyambira yophweka mpaka yovuta. Mukakopere mzere uliwonse, musadumphe. Bolodi ndi lako lija, ulisamale.” Ndidawafunsa chifukwa chake sadangotilembera papepala. Adayankha kuti pepala lochokera m'manja mwawo sabata imeneyo likhoza kupalamulitsa mwana amene lapezeka naye, pamene bolodi ndi la boma ndipo lili poyera. Kiyi adali atabweza kale kwa ahedi, poti makalasi onse adawakolopa n'kuwakhoma kuti tisawadetse.

Ndidathamangira kukalasi kuja kusanade. Mawindo ake adali a njerwa zobowola, ndipo bolodi linkaoneka cham'mbali. Ndidangoona kuyera kwa choko kuchokera kukhoma mpaka kukhoma, koma nambala ndi imodzi yomwe sindidathe kuiwerenga. Ndidadzitonthoza kuti bolodi silithawa.

Aphunzitsi athu lole idawatenga Lachisanu chakum'mawa ife tili kubwalo. Idadutsa pamsewu wa pafupi ndi bwalolo, ndipo ndidaona matiresi, njinga, dengu la nkhuku, ndi akazi awo atafukata mwana. Iwo adakhala pamwamba pa katundu, kansalu kawo kaja kali m'manja. Tonse a Fomu 4 tidawaona, koma padalibe amene adayerekeza kukweza dzanja, chifukwa anyamata a atcheya adali pomwepo ndipo nyimbo idali pakati. Munthu adatiphunzitsa zaka ziwiri, ife osamutsanzika n'komwe. Madzulo ake ndidapita kwa ahedi kukapempha kiyi, ndipo adandiuza kuti ndibwere mawa.

Loweruka m'mawa adachita kundiitanitsa okha. Ndidapita nditavala kale nsalu ya gule, mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti andipatsa kiyi. Ndidawapeza pakhomo pa kalasi yathu atatsekula kale. Pansi padali ndowa ya madzi, chiguduli, ndi chitini changa cha makala.

Ndidalowa n'kuima. Sindidaonepo bolodi lolembedwa choncho, kale kapena pambuyo pake. Aphunzitsi a masamu adaligawa ndi rula m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Chigawo chilichonse chidali ndi chojambula chake pamwamba, ndipo pansi pake njira yonse, mzere ndi mzere, m'zilembo zing'onozing'ono zoongoka, ndi timivi tosonyeza pamene nambala yachokera. Pena adalemba m'mbali kuti apa ambiri amalakwitsa. Sadalembe mawu otsanzika kapena dzina lawo. Adali masamu okhaokha.

Ahedi adati ndifufute zonse, ndidetse bolodi, liume isanakwane naini koloko chifukwa akufuna kulembapo mawu olandira nduna. Ndidaganiza kuti sadamvetse chimene chili pabolodipo, ndiye ndidagwada n'kuwafotokozera kuti umenewu ndi mutu wotsiriza, m'mabuku mulibe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene wakopera.

“Bwana, ndipatseni ola limodzi lokha. Ndithamange ndikatenge kope.”

“Ola ndilitenga kuti? Nduna ilowe muno ipeze dzanja la munthu amene boma lamuchotsa? Ukufuna ana anga adye chiyani?”

“Ngakhale theka la ola, bwana. Kapena tikhome kalasi ino, nduna ilowe ina.”

“Iwe mtsikana, usandiphunzitse ntchito. Tenga chiguduli.”

Ndidatenga. Anthu ena ndikawafotokozera amandifunsa chifukwa chake sindidakane, ndipo ofunsawo nthawi zonse amakhala obadwa zinthu zitasintha. Kukana tsiku limenelo kukadatanthauza kuti mwana wa sukulu wanyoza nduna, ndipo mayeso sindikadawalemba n'komwe. Mwina bambo anganso akadawapitira kwa Tengani kukawafunsa kuti mwanayu amamva zotani pakhomo. Ndidanyowetsa chiguduli mwaukali.

Pamenepo ndi pamene mchenga wa kuseri kwa khola udandibwerera. Ndidayambira pamwamba pa samu yoyamba. Ndinkawerenga mzere, n'kutsinzina, n'kuunena mumtima, kenako n'kuufufuta. Mzere wina chimodzimodzi. Ndinkapukuta malo amodzi kawirikawiri ngati choko chakanirira, maso ali pamzere wotsatira. Yoyamba idalowa, yachiwiri idalowa. Ahedi ankayendayenda kumbuyo kwanga akuyang'ana wotchi. Yachitatu, yachinayi. Pofika yachisanu mutu udayamba kulemera, koma ndidaikankhira momwemo. Yachisanu ndi chimodzi idali ya bwato. Aphunzitsi athu adali atajambula mtsinje, dooko tsidya lino, dooko tsidya linalo, ndi kabwato kali ndi munthu wopalasa, poti ankakonda kutiseka kuti ana a mu Shire samva samu yopanda bwato. Ndidagwira chojambulacho ndi mizere itatu yoyamba.

“Kodi ukufufuta kapena ukuwerenga?” adafunsa ahedi.

Ndidapitiriza kupukuta. Adanyamula ndowa ija n'kukhuthulira madzi onse pagawo lotsalalo. Choko chidasungunuka n'kuyamba kutsetsereka m'timizere toyera mpaka pasimenti yokolopa ija. Ndidayesa kuthamangitsa maso pamzere wachinayi koma udali utapita. Samu yachisanu ndi chiwiri sindidaione ngakhale mutu wake. Ndidamaliza kupukuta ndekha, ndidapaka makala ndekha, ndipo ndidakolopanso pansi pamene iwo adanyowetsa.

Bolodi litauma, adatulutsa choko chamitundumitundu chimene ife sitidachionepo chikugwira ntchito m'kalasi. Adalemba mawu olandira nduna m'zilembo zikuluzikulu, kufufuta, kulembanso, kenako adayamba kujambula maluwa m'makona. Adandiuza kuti ndiime pomwepo ndiziwagwirira bokosi la choko. Wotchi idali padzanja lawo lolembera, pafupi ndi nkhope yanga, ndipo ndinkaiona. Ntchito ya maluwayo idawatengera ola limodzi ndi mphindi khumi.

Adatindandalika m'mbali mwa msewu kuyambira teni koloko. Dzuwa la ku Chikwawa silisamala kuti ndi mwezi wanji. Tidaimba, tidasiya, tidaimbanso pamene kudamveka galimoto, koma idali thalakitala ya kumunda wa nzimbe. Mtsikana wina wa Fomu 1 adakomoka, adamukokera pamthunzi, mzere n'kutsekedwa. Ine nthawi yonseyo milomo inkayenda, koma sindinkaimba. Ndinkabwereza samu zija kuyambira yoyamba mpaka pamzere wachitatu wa ya bwato, ndikafika pamenepo n'kuyambiranso, chala cha kuphazi chikujambula ngodya pafumbi. Amayi a kandodo aja adandiyamikira kuti lero ndiye ndaimba ndi mtima wonse.

Magalimoto adafika itadutsa fili koloko. Sadachepetse liwiro. Tidaona dzanja kuseri kwa galasi, kenako fumbi lidatikwirira. Nduna idachedwa, ndiye idangolunjika kubwalo, idalankhula, ife tidavina, ndipo dzuwa lisanalowe idali ikukwera phiri kubwerera ku Blantyre. Pasukulu pathu siidapondepo phazi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame amayamba agwa pansi asanakamuke. Maluwa a ahedi adaonedwa ndi ine ndi iwo basi.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndidaitana kalasi yonse kubwalo la mpira. Ndidasesa malo ndi nthambi, ndidatenga kamtengo, n'kuyamba kutsitsa zimene zidali m'mutu. Anyamata ndi atsikana adandizungulira ndi makope, ena atagwada, ena akukankhana kuti asaponde. Samu zisanu zidatuluka. Tidaziyesa ndi kabuku ka malogi, ndipo pamene ndidasokoneza nambala tidathandizana kukonza. Ya bwato ndidajambula, ndidalemba mizere itatu, n'kuima. Adandidikira. Ndidatsinzina mpaka m'maso mudachita nyenyezi, koma chimene ndinkaona ndi madzi oyera akutsetsereka. Mnyamata wina adati tiyese tokha, mutu umodzi susenza denga. Tidayesa tsiku limenelo ndi masiku ena ambiri, mitu makumi anayi, koma denga lake silidanyamuke.

Mphunzitsi wina wa masamu sadabwere. Nthawi ya masamu ankatuma aphunzitsi a Baibulo kudzatikhalira, munthu wabwino amene adatiuza poyera kuti iwo ndi nambala adasiyana kalekale. Ndipo tamverani izi: mawu olandira nduna aja adakhala pabolodi masabata awiri. Padalibe mphunzitsi wolimba mtima kuwafufuta, poti mudali dzina la chipani. Ankalemba m'mphepete, mozungulira maluwa. Ntchito ya masiku atatu ya munthu wofuna kuti tikhoze siidaloledwe kukhala ola limodzi, koma moni wopita kwa munthu amene sadabwere adamusunga ngati mankhwala. Ine ndidakana kudetsanso bolodi limenelo, ndidati chitini chidasowa.

Tsiku la pepala lachiwiri la masamu kudacha ndi kamphepo kozizira. Tidakhala muholo, aliyense ndi rula, kampasi ndi kabuku ka malogi. Mafunso oyamba adayenda bwino, ndipo ndinkalemba njira yonse, mbuzi ndi mchira womwe. Nditatembenuza tsamba lotsiriza ndidaliona funso lalikulu lija. Silidali bwato, idali sitima ya panyanja, ndipo nambala zidali zina, koma ngodya zake zidali zomwe zija za samu yachisanu ndi chimodzi. Ndidajambula. Ndidalemba mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mosavuta ngati ndikukopera. Kenako dzanja lidaima.

Nthawi idalipo yambiri, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa. Ndidakhala ndi funso limenelo mphindi zoposa makumi awiri. Ndidayesa njira iyi, ndidayesa iyo, zonse zinkandibweza pamalo omwewo. Ahedi adadutsa pakhonde akusuzumira kuti aone ngati zonse zili bwino, tayi ili pakhosi, ndipo ndidachita kuluma pensulo kuti ndisalankhule. Woyang'anira mayeso atati tisiye kulemba, ndidapereka pepala lili ndi mizere itatu yoongoka bwino ndi malo oyera pansi pake.

Zotsatira zidandipeza kwathu tikukolola mapira a chaka chotsatira. Maphunziro ena onse ndidakhoza bwino. Masamu ndidapeza seveni, pamene kirediti imathera pa sikisi. Umboni woti funso limene lija ndilo lidandigwetsa ndilibe, poti mapepala sabweza. Koma ndikudziwa zimene ndidalemba, ndipo palibe amene angandiuze zina. Bambo adamvetsera ndikuwawerengera, kenako adandithokoza m'chilankhulo cha kwathu kuti, “Takhuta, mwananga, wayesa.” Za kubwereza sadanene, inenso sindidapemphe. Mlongo wanga adali atayamba kale Fomu 1.

Ndidapita kukaphunzira uphunzitsi wa kupulayimale, ndipo ndagwira ntchito imeneyo mpaka kupuma. Sindichita nayo manyazi. Ana amene ndidawaphunzitsa ali ponseponse, ena ndi anamwino amene amandibaya jakisoni lero. Koma siidali ntchito imene ndidasankha, ndipo sindilola munthu kundiuza kuti zonse zidachitika bwino pomaliza. Chaka choyamba kukoleji ndidapeza buku la masamu lathunthu, la masamba onse. Ndidatsekula kumapeto, ndidapeza samu ya mtundu uja, ndidawerenga mzere wachinayi. Udali wophweka moti mphindi zisanu sizidakwane ndisanaumvetse. Ndidatseka bukulo n'kutuluka panja, chifukwa mulaibulale salola phokoso. Aphunzitsi a masamu aja sindidamvenso za iwo. Sindinkadziwa mudzi wawo, ndipo masiku amenewo kufunsa keyala ya munthu wotere kudali kudziputira.

Ahedi ndidakumana nawo kamodzi, patapita zaka zambiri, zipani zitachuluka kale. Kudali kuukwati kwa Kasisi. Adali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma tayi idalipo. Atandizindikira adandigwira dzanja n'kuyamba kuuza anthu amene adakhala nawo pansi pa mtengo kuti uyu ndi mwana wawo, adamuphunzitsa okha, adali katswiri wa masamu. Ndidali nditakonza mawu a tsiku limeneli kwa zaka zonsezo, ndikuchapa, ndikupalira, ndikudikira basi. Ndidadikira kuti anthu aja atembenukire kwa ovina, ndipo ndidanjuta pafupi nawo n'kuwafunsa mwaulemu ngati akukumbukira bolodi lija.

“Bolodi liti, mwananga?”

Ndidawayang'ana m'maso kuti ndione ngati akuzemba. Sankazemba. Ndidawakumbutsa za nduna imene siidabwere, za aphunzitsi a kumpoto, za ndowa ya madzi. Adakwinya pamphumi, adayesetsa ndithu, kenako adaseka kuseka kwawo komwe kuja.

“Aa, zinthu za nthawi imene ija. Mabolodi adali ambiri, mwananga.”

Mawu onse amene ndidakonza aja adandithera. Ndidadzuka, ndidasasa fumbi pachitenje, n'kuwauza kuti kwa ine lidali limodzi.